Kwame Nkrumah

Kwame Nkrumah (21 September 1909 – 27 April 1972) anali mphunzitsi, wolemba mabuku komanso wandale wa ku Ghana. Iye ndi amene anatsogolera dziko la Gold Coast, lomwe linali pansi pa ulamuliro wa Britain, mpaka linalandira ufulu wodzilamulira pa 6 March 1957 ndi kusintha dzina kukhala Ghana. Anakhala nduna yaikulu yoyamba ya dzikolo, kenako pulezidenti woyamba kuyambira mu 1960 mpaka mu 1966 pamene asilikali ndi apolisi analanda boma. Nkrumah amadziwika mu Africa monse chifukwa chothandiza maiko ena kuchoka m'manja mwa atsamunda, ndiponso chifukwa cha maganizo ake oti Africa yense akhale ndi boma limodzi. Amakumbukikanso ngati mtsogoleri amene anatsekera m'ndende anthu omutsutsa popanda kuwazenga mlandu ndi kuthetsa zipani zina zonse.

Ubwana ndi maphunziro

Nkrumah anabadwira m'mudzi wa Nkroful, kum'mwera chakumadzulo kwa Gold Coast, pakati pa anthu a mtundu wa Nzema. Bambo ake anali mmisiri wosula golide m'tauni ya Half Assini, ndipo mayi ake, a Nyaniba, ankachita malonda ang'onoang'ono. Tsiku la 21 September ndi limene linalembedwa ndi wansembe amene anamubatiza. Koma dzina loti Kwame, pa mwambo wa anthu a kumeneko, limaperekedwa kwa mwana wamwamuna wobadwa Loweruka, ndipo n'chifukwa chake Nkrumah mwiniwake ankaganiza kuti anabadwa pa 18 September 1909, lomwe linali Loweruka.

Anayamba sukulu pa mishoni ya Katolika ku Half Assini. Atamaliza anayamba kuthandiza kuphunzitsa ana anzake, ndipo pambuyo pake anasankhidwa kukachita maphunziro a uphunzitsi ku Accra, pa koleji yomwe inadzakhala mbali ya sukulu ya Achimota. Kumeneko anakumana ndi Dr. James Kwegyir Aggrey, mphunzitsi wotchuka amene ankalimbikitsa ophunzira kunyadira kuti ndi anthu akuda. Nkrumah anamaliza maphunzirowa mu 1930 ndipo anaphunzitsa m'sukulu za Katolika ku Elmina, ku Axim ndi ku seminale ya Amissano. Pa nthawiyi ankawerenga zolemba za Nnamdi Azikiwe wa ku Nigeria, amene anali mkonzi wa nyuzipepala ku Accra ndipo anaphunzira ku America.

Ku America ndi ku Britain

Mu 1935 Nkrumah ananyamuka ulendo wa ku United States. Ali ku London pa ulendowu anamva kuti dziko la Italy lathira nkhondo Ethiopia, limodzi mwa maiko awiri okha a mu Africa omwe anali asanagwidwe ndi atsamunda. Nkhaniyi inamupweteka kwambiri ndipo inamulimbitsa mtima pa zolimbana ndi utsamunda.

Anakhala ku America zaka khumi. Anaphunzira pa Lincoln University, sukulu ya anthu akuda m'chigawo cha Pennsylvania, komwe analandira digiri ya zachuma ndi za kakhalidwe ka anthu mu 1939, ndi ina ya zaumulungu mu 1942. Analandiranso madigiri awiri apamwamba pa University of Pennsylvania, ya zamaphunziro ndi ya filosofi. Ndalama zinkamuvuta. Kuti apeze fizi ndi chakudya ankagulitsa nsomba m'misewu ya Harlem, kugwira ganyu m'fakitale ya sopo ndi kutsuka mbale m'sitima zapamadzi. Ankalalikiranso m'matchalitchi a anthu akuda. Anawerenga mabuku a Karl Marx, Lenin ndi Marcus Garvey, ndipo anadziwana ndi C. L. R. James wa ku Trinidad, amene anamuphunzitsa zambiri za kayendetsedwe ka gulu la ndale.

Mu May 1945 anafika ku London n'cholinga chophunzira zamalamulo, koma nthawi yake yambiri inathera pa ndale. Pamodzi ndi George Padmore, wolemba nkhani wa ku Trinidad, anakonza msonkhano wachisanu wa umodzi wa anthu akuda womwe unachitikira mumzinda wa Manchester mu October 1945. Pa msonkhanowu panali W. E. B. Du Bois wa ku America, Jomo Kenyatta wa ku Kenya ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda wa ku Nyasaland. Misonkhano yam'mbuyo inkapempha atsamunda kuti azilamulira bwino. Wa ku Manchester unafuna kuti atsamunda achokeretu, ndipo unagwirizana zoti njira yake ndi kusonkhanitsa anthu wamba, alimi ndi ogwira ntchito, kuti azinyanyala ntchito ndi kukana kugula katundu wa azungu.

Kubwerera kwawo ndi zipolowe za 1948

Mu August 1947 maloya, amalonda ndi anthu ena ophunzira a ku Gold Coast anayambitsa gulu la United Gold Coast Convention, mwachidule UGCC. Mmodzi mwa atsogoleri ake anali Dr. J. B. Danquah. Popeza onse anali ndi ntchito zawo, ankafuna mlembi wamkulu woti aziyenda m'dziko lonse. Ako Adjei, amene anaphunzira limodzi ndi Nkrumah ku America, anatchula dzina lake, ndipo Nkrumah anafika kwawo mu December 1947.

Anapeza anthu ali ndi madandaulo ambiri. Mitengo ya katundu m'masitolo a azungu inali itakwera nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Alimi a koko anali okwiya chifukwa boma linkawakakamiza kudula mitengo yawo yogwidwa ndi matenda otupitsa mphukira. Asilikali amene anamenyera Britain nkhondo ku Burma ndi kwina anabwerako osapeza ntchito, ndipo penshoni yawo inali yochepa. Mu January 1948 mfumu ina ya ku Accra, Nii Kwabena Bonne, inatsogolera anthu kunyanyala kugula katundu wochokera kunja.

Pa 28 February 1948 asilikali opuma anayenda ulendo wokapereka madandaulo awo kwa bwanamkubwa ku nyumba yake ya Christiansborg. Apolisi anawatchinga panjira, ndipo mkulu wa apolisi wachizungu anawombera ndi kupha atatu: Sajeni Adjetey, Kopolo Attipoe ndi msilikali Odartey Lamptey. Zipolowe zinabuka ku Accra n'kufalikira m'matauni ena, ndipo anthu 29 anafa. Boma linamanga atsogoleri asanu ndi mmodzi a UGCC: Nkrumah, Danquah, Ako Adjei, Edward Akufo-Addo, Emmanuel Obetsebi-Lamptey ndi William Ofori Atta. Kumangidwaku kunawatchukitsa m'dziko lonse. Bungwe lofufuza lomwe Britain inatumiza, lotsogozedwa ndi Aiken Watson, linapeza kuti malamulo oyendetsera dzikolo anali achikale ndipo anthu akuda ayenera kupatsidwa mphamvu zambiri m'boma.

Chipani cha CPP ndi ndende

Boma linakhazikitsa komiti ya anthu akuda okhaokha, yotsogozedwa ndi woweruza Henley Coussey, kuti ikonze malamulo atsopano. Atsogoleri ena a UGCC analowamo, koma Nkrumah sanaitanidwe. Apa kusiyana kwawo kunaonekera poyera. Danquah ndi anzake ankafuna ufulu wobwera pang'onopang'ono kudzera m'zokambirana, pamene Nkrumah ankafuna ufulu nthawi yomweyo. Iye anayambitsa nyuzipepala ya Accra Evening News mu September 1948, ndipo pa 12 June 1949 analengeza chipani chatsopano cha Convention People's Party, mwachidule CPP.

Mphamvu za CPP zinali mwa anthu amene andale akale sankawawerengera: achinyamata olekeza sukulu ku pulayimale, makalaliki, madalaivala, asilikali opuma, ogwira ntchito ku njanji ndi amayi ogulitsa m'misika. Amayiwa ankasonkha ndalama za chipani ndi kufalitsa uthenga wake m'midzi. Chipanichi chinali ndi nthambi m'madera ambiri, mbendera yake, nyimbo zake ndi magalimoto okhala ndi zokuzira mawu.

Malamulo a komiti ya Coussey atatuluka, Nkrumah anawakana ponena kuti mphamvu zenizeni zatsalabe ndi bwanamkubwa. Pa 8 January 1950 anayambitsa kampeni yonyanyala ntchito ndi kukana kumvera boma popanda chiwawa, potengera zimene Mahatma Gandhi anachita ku India. Mabungwe a anthu ogwira ntchito anagwirizana naye, masitima anaima ndipo masitolo anatsekedwa. Bwanamkubwa Charles Arden-Clarke analengeza malamulo a nthawi ya chipwirikiti. Nkrumah anamangidwa n'kugamulidwa kukhala zaka zitatu m'ndende ya James Fort ku Accra.

Ali m'ndende, Komla Gbedemah ndi amene ankayendetsa chipani, ndipo Nkrumah ankamutumizira malangizo olembedwa pa mapepala a kuchimbudzi. Pa chisankho cha February 1951, CPP inapambana mipando 34 mwa mipando 38 imene anthu ankavotera. Nkrumah, akadali mkaidi, anapambana mpando wa ku Accra ndi mavoti 22,780 mwa mavoti 23,122. Arden-Clarke anaona kuti boma silingayende popanda chipanichi. Anatulutsa Nkrumah pa 12 February 1951 ndi kumupempha kuti atsogolere ntchito za boma m'nyumba ya malamulo. Mu March 1952 udindowu unasinthidwa kukhala wa nduna yaikulu.

Njira yopita ku ufulu

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi Nkrumah anagwira ntchito limodzi ndi bwanamkubwa yemwe anam'manga uja. Nduna zachikuda zinkayang'anira maphunziro, zaumoyo ndi ulimi, pamene chitetezo ndi ubale ndi maiko akunja zinatsala m'manja mwa Britain. Pa chisankho cha 1954 mipando yonse 104 inavoteredwa mwachindunji ndipo CPP inapambananso.

Panali zifukwa zingapo zimene zinachititsa kuti Britain ilolere ku Gold Coast msanga kusiyana ndi kwina. Nkhondo yachiwiri inasiya Britain ndi ngongole zambiri, ndipo India anali atalandira kale ufulu mu 1947. Gold Coast inali ndi chuma chochokera ku koko, golide ndi matabwa, komanso anthu ophunzira ochulukirapo. Chachikulu china n'chakuti kunalibe azungu ambiri okhazikika ndi kulanda minda monga ku Kenya ndi ku Southern Rhodesia, kumene azunguwo ankakana ulamuliro wa anthu akuda.

Vuto lalikulu linachokera m'dziko momwemo. Mu 1954 boma linaika mtengo wogulira koko kwa alimi wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa pamsika wa kunja, kuti ndalama zotsalazo zipite ku chitukuko. Alimi a m'chigawo cha Ashanti, kumene koko wambiri ankalimidwa, anakwiya. Ku Kumasi kunabadwa chipani cha National Liberation Movement, chothandizidwa ndi mafumu, chomwe chinkafuna kuti chigawo chilichonse chikhale ndi boma lakelake pansi pa chitaganya. Otsatira zipani ziwirizi ankamenyana ndipo anthu ena anaphedwa. Britain inanena kuti pachitike chisankho china ufulu usanaperekedwe. Mu July 1956 CPP inapeza mipando 71 mwa 104. M'chaka chomwecho anthu a ku British Togoland anavota kuti dera lawo liphatikizidwe ndi Gold Coast.

Pakati pa usiku wolowa 6 March 1957, mbendera ya Britain inatsitsidwa ku Accra ndipo inakwezedwa ya Ghana, ya mitundu yofiira, yachikasu ndi yobiriwira, yokhala ndi nyenyezi yakuda pakati. Dzina loti Ghana linatengedwa ku ufumu wakale wa kumadzulo kwa Africa. Pa mwambowu panali alendo monga Richard Nixon, yemwe anali wachiwiri kwa pulezidenti wa America, ndi Martin Luther King Jr. Nkrumah anauza khamu la anthu kuti ufulu wa Ghana udzakhala wopanda phindu ngati Africa yense samasulidwa. Kumapeto kwa chaka chimenecho anakwatira Fathia Rizk wa ku Egypt, ndipo anabereka naye ana atatu.

Nkrumah ndi ufulu wa maiko ena

Accra inasanduka likulu la omenyera ufulu. Mu April 1958 Nkrumah anaitana maiko asanu ndi atatu a mu Africa omwe anali odzilamulira pa nthawiyo. Mu December chaka chomwecho anachititsa msonkhano wina waukulu wa zipani ndi mabungwe ochokera m'maiko omwe anali akadali pansi pa atsamunda. Wapampando anali Tom Mboya wa ku Kenya, ndipo ena mwa obwera anali Patrice Lumumba wa ku Congo, Frantz Fanon woimira omenyera ufulu wa Algeria, ndi Dr. Banda. Dr. Banda anali atakhala ku Kumasi akugwira ntchito ya udokotala kuyambira mu 1953 mpaka pamene anabwerera ku Nyasaland mu July 1958 kukalimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Robert Mugabe nayenso anaphunzitsapo ku Ghana m'zaka zimenezi.

Dziko la Guinea litakana kukhalabe pansi pa France mu 1958, Afalansa anachoka mwaukali n'kusiya boma lopanda ndalama. Ghana inalonjeza Guinea ngongole ya mapaundi 10 miliyoni, ndipo maiko awiriwa anapanga mgwirizano womwe Mali inadzalowamonso. Mu 1960 mokha maiko 17 a mu Africa analandira ufulu.

Nkrumah ankakhulupirira kuti maiko ang'onoang'ono, aliyense payekha, adzapitiriza kulamulidwa ndi maiko olemera kudzera mu ngongole, makampani ndi mitengo ya mbewu. Choncho ankafuna boma limodzi la Africa, lokhala ndi asilikali amodzi ndi ndalama imodzi. Pa msonkhano wa ku Addis Ababa mu May 1963, umene unakhazikitsa bungwe la Organisation of African Unity, atsogoleri ambiri anakana maganizowa chifukwa sankafuna kutaya mphamvu zomwe anali atangozilandira. Julius Nyerere wa ku Tanganyika ankati umodzi uyambe m'zigawo n'kumakula pang'onopang'ono.

Ulamuliro wake ku Ghana

Pa 1 July 1960 Ghana inasiya kukhala pansi pa Mfumukazi ya ku Britain, ndipo Nkrumah anakhala pulezidenti atagonjetsa Danquah pa chisankho. Boma lake linamanga sukulu zambiri za pulayimale ndi sekondale, zipatala ndi misewu. Linamanga doko latsopano ku Tema ndi msewu waukulu wochoka ku Accra kupita kumeneko. Koleji ya zaumisiri ya ku Kumasi inakhala yunivesite mu 1961, ndipo ku Cape Coast kunatsegulidwa koleji ina mu 1962. Ntchito yaikulu koposa inali damu la Akosombo pa mtsinje wa Volta, lomwe linatsegulidwa mu January 1966 ndipo mpaka lero limapereka magetsi ku Ghana ndi maiko oyandikana nawo.

Pa nthawi yomweyo ufulu wa anthu unkachepa. Lamulo la mu 1957 linaletsa zipani zozikidwa pa mtundu, chigawo kapena chipembedzo. Lamulo la mu July 1958 linapatsa boma mphamvu yotsekera munthu mpaka zaka zisanu popanda kupita naye kukhoti, ndipo anthu mazanamazana anatsekeredwa. Mafumu otsutsa boma anachotsedwa pa mipando. Mu September 1961 ogwira ntchito ku njanji ndi kudoko ku Sekondi-Takoradi, omwe kale anali msana wa CPP, ananyanyala ntchito chifukwa cha misonkho yatsopano, ndipo atsogoleri awo anamangidwa. Gbedemah anathawira kunja.

Panachitikanso ziwembu zofuna kumupha. Mu August 1962 anavulala ndi bomba pa mudzi wa Kulungugu, kumpoto kwa dzikolo. Khoti litapeza kuti nduna zake ziwiri zakale, Ako Adjei ndi Tawia Adamafio, zinalibe mlandu pa nkhaniyi, Nkrumah anachotsa ntchito mkulu wa oweruza milandu, Arku Korsah, ndipo anthuwo anazengedwanso mlandu. Mu January 1964 wapolisi wina anamuwombera ku nyumba ya boma ya Flagstaff House koma anapha womulondera. M'mwezi womwewo panachitika referendamu imene inachititsa Ghana kukhala dziko la chipani chimodzi. Boma linalengeza kuti oposa 99 pa 100 alionse avomereza, ndipo anthu ambiri sanakhulupirire zotsatirazi. Danquah, amene anaitana Nkrumah kuti abwerere kwawo mu 1947, anafera m'ndende ya Nsawam pa 4 February 1965.

Chuma nachonso chinalowa pansi. Makampani ambiri a boma ankangodya ndalama osabweretsa phindu, ndipo akuluakulu ena a chipani analemera ndi katangale. Mtengo wa koko pamsika wa kunja unagwa kwambiri mu 1965. Ndalama zomwe dziko linali nazo polandira ufulu zinatha, ngongole zinachuluka, ndipo m'masitolo munayamba kusowa zinthu monga shuga, mkaka ndi sopo.

Kuchotsedwa pa mpando ndi imfa

Pa 24 February 1966, Nkrumah ali pa ulendo wopita ku Hanoi kukayesa kuyanjanitsa mbali zomenyana pa nkhondo ya ku Vietnam, asilikali ndi apolisi analanda boma. Anatsogolera ndi Emmanuel Kotoka, Akwasi Afrifa ndi mkulu wa apolisi John Harlley, ndipo Joseph Ankrah anaikidwa kukhala mtsogoleri wa boma latsopano. Nkrumah anamva nkhaniyi atafika ku Beijing. Ku Accra anthu ambiri anasangalala m'misewu, chipilala chake chinagwetsedwa ndipo akaidi a ndale anatulutsidwa. Zikalata za boma la America zomwe zinaululidwa patapita zaka zimasonyeza kuti akuluakulu ake ankadziwa za chiwembuchi ndipo ankachifunira zabwino. Ubale wa maiko awiriwa unali utaipa, makamaka Nkrumah atatulutsa buku lake la Neo-Colonialism: The Last Stage of Imperialism mu 1965.

Ahmed Sékou Touré anamulandira ku Guinea ndi kumupatsa ulemu wokhala pulezidenti mnzake wa dzikolo. Nkrumah anakhala ku Conakry zaka zisanu akulemba mabuku ndi kuyembekezera kubwerera kwawo, koma sizinatheke. Atadwala khansa anapita kukalandira thandizo ku Bucharest, m'dziko la Romania, komwe anamwalira pa 27 April 1972 ali ndi zaka 62. Mwambo wa maliro unachitika ku Guinea, kenako thupi lake linakaikidwa kwawo ku Nkroful. Mu 1992 linasamutsidwira kumalo achikumbutso ku Accra, pabwalo pomwe analengezera ufulu wa Ghana.

Mmene amakumbukidwira

Ku Ghana anthu akadali ogawanika pa za Nkrumah. Ena amaloza sukulu, doko la Tema ndi magetsi a Akosombo, n'kunena kuti palibe mtsogoleri wina amene anachita zambiri chotere m'zaka zochepa. Ena, makamaka otsatira ndale za Danquah ndi Kofi Busia, amakumbutsa za anthu amene anavutika ndi kufera m'ndende, ndipo amati ufulu wa Ghana unamenyedwa ndi anthu ambiri, osati munthu mmodzi. Tsiku la 21 September ndi la tchuthi m'dzikolo.

Kunja kwa Ghana mbiri yake inakula pambuyo pa imfa yake. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1900 omvera wailesi ya BBC mu Africa anamusankha kukhala munthu wofunika koposa wa mu Africa pa zaka chikwi zapitazo. Bungwe la African Union, lomwe linalowa m'malo mwa Organisation of African Unity mu 2002, linaimika chipilala chake ku likulu lake ku Addis Ababa mu 2012. Mayunivesite awiri amadziwika ndi dzina lake, ina ku Kumasi ndi ina ku Kabwe m'dziko la Zambia, ndipo misewu ya m'mizinda yambiri ya mu Africa inatchedwa Nkrumah.